Mphamvu ndi kuyenda kwa zinthu: zimene mwana wa kupulayimale ayenera kumvetsa

Mwana akamenya mpira wachikulunga pabwalo, mpirawo umagubuduka, liwiro limayamba kuchepa, kenako umaima. Palibe amadabwa nazo. Koma mutafunsa ana a Sitandade 6 kuti mpira waimiranji, ambiri ayankha kuti mphamvu yatha. Yankholi ndi lomveka, ndipo anthu ophunzira kwambiri ankaganiza chimodzimodzi kwa zaka mazanamazana. Sayansi ya masiku ano imayankha mosiyana. Imati mpira sunaime wokha, wachita kuimitsidwa ndi nthaka, udzu ndi mpweya. Phunziro lonse la mphamvu ndi kuyenda kwa zinthu lagona pa kusiyana kwa mayankho awiriwa.

Funso lenileni ndi liti?

Chinthu chimanenedwa kuti chikuyenda ngati malo ake akusintha poyerekeza ndi chinthu china. Mawu akuti poyerekeza ndi ofunika. Munthu wokhala m'basi sakuyenda poyerekeza ndi mpando wake, koma akuyenda poyerekeza ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu. Kuti tifotokoze kuyenda timafuna zinthu ziwiri, liwiro ndi kumene chinthucho chikulowera. Liwiro ndi mtunda umene chinthu chayenda pa nthawi yodziwika. Njinga imene yayenda makilomita 24 m'maola 2 inali pa liwiro la makilomita 12 pa ola.

Mphamvu, m'phunziro lino, ndi kukankha kapena kukoka. Zina zimafuna kukhudzana, monga dzanja pa wilibala, chingwe pa ndowa ya pachitsime, mphepo pa denga. Zina zimagwira ntchito popanda kukhudzana, monga maginito akamakoka msomali, kapena dziko likamakoka bango lakupsa kuchokera mumtengo. Funso lalikulu ndi lakuti, mphamvu imachita chiyani pa kuyenda? Yankho lakale linkati mphamvu ndi imene imayendetsa chinthu, ndipo ikachoka chinthucho chimaima. Yankho la sayansi likuti mphamvu imasintha kayendedwe. Imayambitsa, imawonjezera liwiro, imalichepetsa, imakhotetsa, imaimitsa. Chinthu chimene chili kale paulendo sichifuna wochikankha kuti chipitirize.

Vuto la mawu akuti mphamvu

M'Chichewa timati mnyamata uyu ali ndi mphamvu, batire latha mphamvu, nsima imapatsa mphamvu, mankhwala awa ndi amphamvu, mfumu ili ndi mphamvu zogamula mlandu. M'ziganizo zonsezi mphamvu ndi chinthu chimene munthu kapena chinthu chimakhala nacho, chimasungidwa ndipo chimatha. Mabuku a sayansi a Chingerezi amasiyanitsa mawu atatu, force, energy ndi power, ndipo onse atatu ife timawamasulira kuti mphamvu. Mwana amene akuwerenga buku la Chingerezi koma akuganiza m'Chichewa amawaphatikiza onse mumphika umodzi.

Force, imene ndi nkhani yathu pano, si katundu wa chinthu chimodzi. Imapezeka pokhapokha pali zinthu ziwiri, chokankha ndi chokankhidwa. Phazi limakankha mpira pa kanthawi kochepa kamene likuukhudza. Mpira ukachoka paphazi, kukankhako kwathera pomwepo, ndipo mpira sunyamula kukankha kulikonse m'kati mwake. Chimene umanyamula ndi energy, ndipo imeneyo imachepadi, chifukwa imasanduka kutentha pamene mpira ukukhulana ndi nthaka. Choncho mwana wonena kuti mphamvu yatha sanaphonye kotheratu. Wanena zoona za energy, koma akaganiza kuti panali china chimene chinkakankha mpirawo njira yonse, walakwa.

Ana olankhula Chingerezi nawonso amasokonezeka pamenepa, motero vuto si chinenero chokha. Koma mphunzitsi wa Chichewa ali ndi chida chabwino m'maverebu athu. M'malo monena kuti pali mphamvu, afunse kuti akukankha ndani, akukankhidwa ndani. Mwana akalephera kutchula wokankha, ndiye kuti kukankhako kulibe.

Kuchokera kwa Aristotle kufika kwa Galileo

Aristotle, katswiri wa ku Greece amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Yesu asanabadwe, anagawa kuyenda m'magulu awiri. Kwina ndi kwachilengedwe: mwala umagwa pansi chifukwa kwawo ndi pansi, utsi umakwera chifukwa kwawo ndi kumwamba. Kwina ndi kokakamiza, monga ngolo yokokedwa, ndipo kumeneku kumafuna wokoka nthawi zonse. Ankaphunzitsanso kuti chinthu cholemera chimagwa msanga kuposa chopepuka, molingana ndi kulemera kwake. Si bwino kumuseka. Aliyense amene anakankhapo wilibala mumchenga angamuvomereze.

Chimene chinkavuta ndi mwala woponyedwa. Dzanja lausiya, nanga ukupitiriranji? Aristotle ankati mpweya ndi umene umapitiriza kuukankha. M'zaka za m'ma 500, John Philoponus wa ku Alexandria anakana zimenezi, nati woponya amaika mphamvu m'mwalamo, ndipo mphamvuyo imatha pang'onopang'ono. Ibn Sina wa ku Persia, amene anamwalira mu 1037, anapititsa patsogolo ganizoli. M'zaka za m'ma 1300, Jean Buridan wa ku Paris analitcha impetus. Iye anapereka chitsanzo cha chombo chimene chimapitirizabe kuyenda okoka atasiya kukoka, ndipo munthu woima m'chombomo amamva mphepo kumaso, osati kumsana. Mpweya sungakhale ukukankha chombocho ngati ukuchiwomba kuchokera kutsogolo. Ganizo la impetus likufanana ndi lija la ana athu lakuti mphamvu yalowa mu mpira ndipo ikutha.

Galileo Galilei wa ku Italy, amene anabadwa mu 1564, anasintha kafunsidwe ka funso. Zinthu zikamagwa zimathamanga kwambiri moti mawotchi a nthawi yake sakanatha kuziyeza, choncho iye anachedwetsa kugwako pogubuduza kampira ka mkuwa pa thabwa lopendekeka. Nthawi ankaiyeza ndi madzi otuluka pa kampopi, n'kumayeza kulemera kwa madziwo. Anapeza kuti ngati kampira kayenda gawo 1 pa nthawi yoyamba, pa nthawi yachiwiri yofanana nayo kamayenda magawo 3, kenako 5, kenako 7. Liwiro limakwera mofanana nthawi zonse. Anaonanso kuti kampira kotsika pa thabwa lina kamakwera pa linzake mpaka pafupifupi msinkhu umene kanachokera. Thabwa lachiwirilo likagonekedwa pang'ono, kampira kamapita patali kuti kafike msinkhu womwewo. Nanga litagona kwathunthu, popanda chopinga chilichonse? Kampira sikangakhale ndi chifukwa choimira. Zambiri mwa izi zili m'buku lake la mu 1638 lonena za sayansi ziwiri zatsopano. René Descartes, mu 1644, ananena momveka bwino kuti chinthu chosasokonezedwa chimapitiriza kuyenda mowongoka.

Malamulo atatu a Newton

Isaac Newton wa ku England anasonkhanitsa maganizowa m'buku lotchedwa Principia, limene linatuluka mu 1687 ndi ndalama za mnzake Edmond Halley. M'menemo muli malamulo atatu amene akuphunzitsidwabe mpaka lero.

Lamulo loyamba likuti chinthu choima chimakhalabe choima, ndipo choyenda chimapitiriza pa liwiro lomwelo mowongoka, pokhapokha china chitachikankha kapena kuchikoka. Theka loyamba la lamuloli ana amalilandira mosavuta. Mukakuntha mphasa ndi ndodo, mphasa imasuntha mwadzidzidzi, fumbi n'kutsalira pomwe linali. Theka lachiwiri ndi limene limavuta, ngakhale timakumana nalo tsiku ndi tsiku. Minibasi ikamanga mabuleki mwadzidzidzi, anthu amagwera kutsogolo. Palibe wawakankha. Mabuleki aimitsa galimoto, koma matupi awo akupitiriza ulendo umene anali nawo, mpaka lamba kapena mpando wakutsogolo uwaimitse. Mwala wa mu gulaye umazungulira chifukwa chingwe chikuukokera m'kati, ndipo chingwe chikamasulidwa mwalawo umachoka mowongoka, suzunguliranso. Chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977, chikuyendabe pa liwiro la makilomita pafupifupi 17 pa sekondi popanda injini yochikankhira kutsogolo, chifukwa kumene chili kulibe mpweya kapena nthaka yochichedwetsa.

Pamenepa pamabwera mfundo ya mphamvu zolingana. Magulu awiri akamakokana chingwe koma chingwe osasuntha, sikuti palibe akukoka. Kukokako kwalingana. Zimenezi ana amazimva. Chimene samayembekezera ndi chakuti njinga yoyenda pa liwiro losasintha pamsewu wowongoka nayonso ili pa mphamvu zolingana. Kupalasa kwa wokwera kukungofafaniza kukhulana ndi mphepo, osapitirira. Akapalasa kwambiri liwiro limakwera, akasiya limatsika.

Lamulo lachiwiri limanena kukula kwa kusinthako. Kukankha kukakula, liwiro limasintha msanga. Chinthu chikakhala chachikulu m'makilogalamu, kukankha komweko kumasintha liwiro lake pang'ono. Wa kabaza amadziwa zimenezi ndi miyendo yake: kunyamuka wopanda kanthu n'kosavuta, kunyamuka ndi matumba awiri a makala kumafuna kuimirira pa mapedulo, ndipo kuima nawo pamtsetse kumavuta chimodzimodzi. Mphamvu imayezedwa m'manyutoni, dzina lochokera kwa Newton yemweyo. Nyutoni imodzi imawonjezera liwiro la chinthu cha kilogalamu 1 ndi mita imodzi pa sekondi, sekondi iliyonse. Kuti mwana aimve m'dzanja, mupatseni chinthu cha magalamu 100, monga nthochi yaing'ono. Mmene ikukanikizira chikhatho chake ndi pafupifupi nyutoni imodzi. Samu yodziwika ija yochulukitsa makilogalamu ndi kusintha kwa liwiro Newton sanailembe mmene timaionera m'mabuku lero. Anaikonza motero ndi Leonhard Euler patapita zaka zoposa 60, ndipo mwana wa kupulayimale saifuna kuti amvetse mfundoyi.

Lamulo lachitatu likuti chinthu china chikakankha chinzake, chinzakecho chimabwezera kukankha kofanana kukula, kolowera mbali yosiyana. Msodzi amakankha madzi kumbuyo ndi nkhafi, madzi n'kukankha nkhafi ndi bwato kutsogolo. Munthu akadumpha kuchoka m'bwato kupita pamtunda, bwato limabwerera m'madzi. Mwana wochenjera amafunsa funso limene limagwetsa aphunzitsi ambiri: ngati ng'ombe ikukoka ngolo ndipo ngolo ikukoka ng'ombe mofanana, ngoloyo ikuyenda bwanji? Yankho ndi lakuti kukoka kuwiriku sikuli pa chinthu chimodzi, choncho sikungafafanizane. Kuti mudziwe ngati ngolo iyamba kuyenda, onani zimene zikuchitika pa ngolo yokha. Ng'ombe ikuikokera kutsogolo, kukhulana kwa mawilo kukuiletsa, ndipo kukoka kwa ng'ombe kwaposa. Kuti mudziwe za ng'ombe, onani ng'ombe yokha. Ngolo ikuikokera kumbuyo, koma ziboda zake zikukankha nthaka, nthaka n'kuikankhira kutsogolo kwambiri kuposa mmene ngolo ikuikokera. Pamatope oterera nthaka imalephera kubwezera mokwanira, ndipo ng'ombe, ngakhale ikhale yamphamvu bwanji, imangopalasa pamodzimodzi.

Kukhulana, mdani wosaoneka wa phunziroli

Chimene chinasocheretsa akatswiri akale ndi kukhulana. Kulikonse kumene zinthu ziwiri zakhudzana ndipo chimodzi chikufuna kutsetsereka pa chinzake, pamakhala mphamvu yoletsa kutsetserekako. Poti kukhulana kuli paliponse ndipo sikuoneka, maso amatiuza kuti zinthu zimaima zokha.

Leonardo da Vinci anafufuza za kukhulana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, koma zolemba zake sizinafalitsidwe pa nthawiyo. Guillaume Amontons wa ku France anapezanso mfundo zomwezo mu 1699. Yoyamba ndi yakuti kukhulana kumakula zinthu zikapanikizana kwambiri, n'chifukwa chake thumba lodzaza limavuta kulikhwekhwereza kuposa la theka. Yachiwiri ndi yodabwitsa. Njerwa yogoneka chafufumimba ndi njerwa yoimika cham'mbali zimafuna kukoka kofanana, ngakhale malo okhudza pansi akusiyana kukula. Palinso mfundo ina imene aliyense wokankha kabati m'nyumba amaidziwa, yakuti kuyambitsa kumavuta kuposa kupitiriza.

Chifukwa chenicheni cha kukhulana chinakanganitsa akatswiri kwa nthawi yaitali. Ena ankati timabampu ta zinthu ziwirizo timakolana, ena ankati zinthuzo zimamatana. Kafukufuku wa Frank Bowden ndi David Tabor ku Cambridge, chapakati pa zaka za m'ma 1900, anasonyeza kuti zinthu zooneka zosalala zimakhudzana pa timisonga tochepa chabe, ndipo pa timisongapo zimamatirirana. Mukapanikiza kwambiri, timisongato timaphwanyika ndipo malo okhudzana amakula. Izi zikufotokoza nkhani ya njerwa ija. Kwa mwana, kunena kuti chokhakhala chimakhula kwambiri kuposa chosalala n'kokwanira poyambira, bola mphunzitsi adziwe kuti nkhaniyo sithera pamenepo.

Kukhulana si koipa nthawi zonse. Popanda iko sitingayende, machesi sangayake, mpeni sunganoleke pa mwala, mfundo ya chingwe singagwire, mabuleki sangamange. Pamene sitikufuna timakuchepetsa ndi girisi, oyilo kapena mawilo, chifukwa kugubuduza kumakumana ndi choletsa chochepa kuposa kukhwekhwereza.

Kugwa kwa zinthu ndi kulemera

Dziko limakoka chilichonse kulowera pakati pake. Chinthu chikamagwa popanda choletsa, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Mwala wogwetsedwa umatsika mamita pafupifupi 5 pa sekondi yoyamba, mamita 20 pakatha masekondi 2, ndi mamita 45 pakatha masekondi 3. Manambalawa ndi omwe aja a Galileo a 1, 3 ndi 5 mukawaphatikiza n'kuchulukitsa ndi 5.

Mwala waukulu ndi waung'ono amagwa limodzi. Galileo anali ndi njira yotsutsira Aristotle popanda kugwetsa kanthu. Tiyerekeze kuti mwala waukulu umagwadi msanga. Tikaumangirira ku waung'ono, waung'onowo uyenera kuuchedwetsa. Koma miyala iwiri yomangidwa pamodzi ndi yolemera kuposa waukulu uja, ndiye iyenera kugwa msanga kuposa poyamba. Ganizo limodzi labala mayankho awiri otsutsana, kusonyeza kuti ganizolo ndi lolakwika. Lamulo lachiwiri la Newton limapereka chifukwa chake. Dziko limakokadi mwala waukulu kwambiri, koma mwala waukuluwo ndi wovutanso kuusintha liwiro, ndipo ziwirizi zimalipana ndendende.

Nanga tsamba ndi nthenga? Izo zimachedwa chifukwa cha mpweya. Mayi wopeta chimanga ndi lichero amagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku: mpweya umagwira gaga ndi mankhusu kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwake, njere n'kugwera m'lichero. Mu 1971, David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anaima pamwezi, kumene kulibe mpweya, n'kugwetsa nyundo ndi nthenga nthawi imodzi. Zinafika pansi limodzi.

Palinso mawu ena amene amabisa zinthu ziwiri, akuti kulemera. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lili ndi chimanga chochuluka mwakutimwakuti, ndipo kuchulukako sikusintha kulikonse kumene lingapite. Koma dziko limalikoka ndi manyutoni pafupifupi 490, ndipo chiwerengero ichi chimasintha ndi malo. Pamwezi thumba lomwelo lingakokedwe ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a kukoka kwa kuno, moti mwana angalinyamule, ngakhale ufa wotuluka m'menemo ungakhale wofanana. Sikelo yopachika imene ogula soya ndi nandolo amagwiritsa ntchito imayeza kukoka kwa dziko potamula sipuling'i, ngakhale manambala ake analembedwa m'makilogalamu.

Ambiri amaganiza kuti anthu a m'chombo cha International Space Station amayandama chifukwa kumeneko dziko silikoka. Chombocho chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo kukoka kwa dziko kumeneko ndi pafupifupi magawo 9 mwa 10 a kukoka kwa pansi pano. Amayandama chifukwa iwo ndi chombo chawo akugwa limodzi mosalekeza, koma akuthamangira cham'mbali kwambiri moti amazungulira dziko osaligunda. Mwezi nawonso umachita zomwezo, ndipo kuzindikira kuti chokoka chipatso ndi chokoka mwezi n'chimodzi ndiko kunali nzeru yaikulu ya Newton.

Zotsimikizika ndi zokayikitsa

Pa zinthu za tsiku ndi tsiku, malamulo a Newton sakanganiridwa. Milatho, magalimoto, ndege ndi masetilaiti zimakonzedwa powatsatira. Ali ndi malire ake, chifukwa pa liwiro loyandikira la kuwala ndi m'kati mwa maatomu pamafunika malamulo ena. Newton mwiniwake anavomera kuti sanapeze chimene chimachititsa kuti zinthu zikokane zili patali. Mu 1915 Albert Einstein anafotokoza kukokaku m'njira yatsopano, imene inalongosola kusokonekera pang'ono kwa njira ya pulaneti ya Mercury kumene samu ya Newton inkalephera. Mpaka lero akatswiri sanagwirizanitse mfundo ya Einstein ndi malamulo a tinthu ting'onoting'ono. Mwana wofunsa kuti dziko limakoka bwanji popanda chingwe wafunsa funso lenileni, ndipo sayenera kuuzidwa kuti akhale chete.

Nkhani zina zimene zili m'mabuku a ana n'zofunika kuzinena mosamala. Yakuti Galileo anagwetsa mipira kuchokera pa nsanja yopendekeka ya ku Pisa inalembedwa ndi wophunzira wake Vincenzo Viviani Galileo atamwalira, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amaikayikira. Amene akudziwika kuti anayesadi zotere ndi Simon Stevin, amene anagwetsa mipira iwiri ya mtovu yosiyana kulemera ku Delft, ndipo anazilemba mu 1586. Nkhani ya apulo Newton anaifotokoza yekha atakalamba, koma ananena kuti anangoona chipatsocho chikugwa. Zoti chinamugwera pamutu anawonjezera ndi ena.

Mkangano wa kaphunzitsidwe

Mkangano umene ukukhudza mphunzitsi mwachindunji ndi wa kaphunzitsidwe. Mu 1992 David Hestenes ndi anzake ku America anatulutsa mayeso otchedwa Force Concept Inventory, a mafunso opanda samu okhudza mphamvu ndi kuyenda. Anaonetsa kuti ophunzira ambiri, ngakhale a ku yunivesite amene amakhoza masamu a phunziroli, amaganizabe ngati Buridan. Kuloweza malamulo atatu sikuchotsa ganizo lakale. Mwana amasunga lamulo la Newton kuti akalembe mayeso, n'kusunga ganizo lake kuti azigwiritsa ntchito pabwalo la mpira.

Akatswiri amasiyana pa zochita nazo. Gulu lina limati ana azidzifufuzira okha ndi manja awo, mphunzitsi azingowaperekeza. Gulu lina, monga Paul Kirschner, John Sweller ndi Richard Clark m'nkhani yawo ya mu 2006, limati oyamba kumene amafuna kufotokozeredwa momveka, chifukwa kuwasiya okha kumawasokoneza. Pa phunziro ili gulu lachiwirili lili ndi mfundo yolimba. Mwana wongosiyidwa kuti agubuduze zinthu adzapeza kuti chilichonse chimaima, n'kutsimikiza za Aristotle. Zinatenga zaka pafupifupi 2,000 kuti anthu achoke pamenepo, ndipo si nzeru kuyembekezera kuti kalasi ichite zimenezo m'mphindi 35. Komabe kufotokoza kokha nako kumalephera, monga mayeso aja anasonyezera. Njira imene imathandiza ndi yophatikiza: ana anene kaye zimene akuganiza kuti zichitika, ayese, kenako mphunzitsi atsogolere kukambirana za kusiyana kwa zimene amayembekezera ndi zimene aona.

Palinso kusiyana pa mmene maganizo a ana alili. Michael McCloskey ankati ana ali ndi chiphunzitso chathunthu chofanana ndi impetus, chimene chiyenera kugwetsedwa. Andrea diSessa amati ndi tizidutswa ta nzeru tosalumikizana, tambiri mwa ito toona pamalo pake, tofunika kungokonzedwa. Mphunzitsi wotsatira ganizo lachiwirili sauza mwana kuti walakwa akanena kuti kukankha kwambiri kumathamangitsa chinthu. Amamufunsa kuti zimenezo zimachitika liti, ndipo n'chiyani china chikukankha mobwezera.

Zoyesa m'kalasi ndi ntchito yake kunja

Phunziroli silifuna labotale. Aphunzitsi a ku Malawi amadziwa kale njira ya TALULAR, yogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndipo pano ndi pamene imagwira bwino. Tengani thabwa, mulitsamiritse pa njerwa imodzi, mugubuduze botolo lodzaza mchenga kuchokera pamalo amodzi nthawi zonse. Liyende koyamba pamchenga, kenako pa nthaka youma yosesedwa, kenako pa simenti ya m'kalasi. Ana ayeze mtunda ndi mapazi kapena chingwe. Botolo ndi lomwelo, poyambira ndi pomwepo, chasintha ndi pansi pokha. Ndiye mufunse funso la Galileo: pansi patakhala posalala kuposa simenti, ndiponso posalala kuposa pamenepo, botololi likaima kuti? Apa mwana amayamba kuona kuti choimitsa chili kunja kwa botolo.

Pa kugwa kwa zinthu, ng'ambani mapepala awiri ofanana m'kope lakale. Limodzi mulifinye likhale kampira, linalo likhale lotambasuka. Kulemera n'kofanana, koma lofinyalo lifika pansi msanga. Kenako ikani lotambasukalo pamwamba pa buku lalikulu kuposa ilo, mugwetse zonse pamodzi. Buku limatchinga mpweya, ndipo pepala limatsika nalo limodzi osatsalira. Labala yodula ku chubu cha njinga ingakhale choyezera kukoka: mukokere nayo njerwa, ana aone mmene ikutamukira njerwa isanasunthe ndi mmene ikubwererako pang'ono ikangoyamba kuyenda. Chofunika pa zoyesa zonsezi ndi kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi, ndi kubwereza katatu kapena kanayi musanakhulupirire zotsatira.

Kunja kwa kalasi, mfundozi zimakhudza moyo weniweni pamsewu. Galimoto ikawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene imayenda mabuleki atamangidwa suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Pamsewu wonyowa kapena ndi matayala akutha, kukhulana kumachepa ndipo mtundawo umatalikanso. Lole yodzaza katundu imavuta kuimitsa kuposa njinga yamoto ngakhale zili pa liwiro limodzi. Chipewa cha wokwera njinga yamoto chimagwira ntchito potalikitsa kanthawi kamene mutu ukuimitsidwa, chifukwa liwiro likamatha pang'onopang'ono kukankha kumene mutu umalandira kumachepa. N'chimodzimodzi ndi goloboyi amene amabweza manja kumbuyo powakha mpira wamphamvu, kapena mwana amene amapinda mawondo akadumpha kuchokera pa chulu. Ana a m'kalasi amachita kale zimenezi ndi matupi awo, ndipo mphunzitsi angayambire pomwepo powauza kuti aponyerane dzira losaphika, ayambe ali pafupi, n'kumatalikirana phazi limodzi nthawi iliyonse, anzawo akuyang'anitsitsa zimene manja a wowakhayo akuchita.